Nthambo Zamagetsi Zokwirira Pansi: Zimene Gudrun Anaphunzitsa Sweden

Usiku wa pa 8 Januwale 2005, anthu a kumwera kwa Sweden ali mkati mwa nyengo yawo yachisanu, ija imene dzuwa limangosuzumira maola ochepa n'kulowanso, kunauka namondwe wotchedwa Gudrun, amene anazula mitengo ya m'nkhalango miyandamiyanda naigwetsera pa nthambo zamagetsi, kotero kuti makomo oposa 700,000 anatsala mumdima, ndipo ena a kumidzi anatha milungu yambiri akuphika ndi kuwotha monga ankachitira makolo awo. Chakudza sichiyimba ng'oma. Komabe akuluakulu a dzikolo sanafune kuti tsoka lomwelo liwapezenso ali chigonere. Anaika lamulo lakuti kuyambira 2011 magetsi asazime kupitirira maola 24, ndiponso kuti wozimiridwa maola 12 kapena kuposa alandire chipepeso. Ndipo makampani a magetsi, pozindikira kuti mtengo suuzidwa kogwera, anayamba kutsitsira nthambo m'nthaka.

Ntchitoyo njoyenera kuiona pafupi. Amakumba ngalande yofika pafupifupi m'chiuno, nayala mchenga pansi kuti miyala isacheke chofunda cha pulasitiki chimene chimakuta waya wa aluminiyamu kapena wamkuwa. Akagoneka nthamboyo amathiranso mchenga, ndipo asanatsirize kukwirira amayala kansalu kowala ka chenjezo, kuti munthu wodzakumba zaka zam'tsogolo aone ngozi khasu lake lisanaifike.

Nthambo yotere mphepo siidziwa, nthambi siikhudza, galimoto yophonya msewu siigwetsa, ngakhale mphezi siipeza msanga. Ndipo chimene ine ndichiyesa choposa zonse n'chakuti mwana wopita kusukulu mvula itakata sadzaponda waya woduka wobisala m'udzu. Mitengo yamthunzi imakulanso mwaufulu m'misewu, yosadulidwa mitu chaka ndi chaka.

Koma walira mvula walira matope. Kukwirira kumadya ndalama zochuluka kangapo kuposa kuimika mapolo, makamaka pamalo amiyala. Ndipo nthambo yapansi ikavulala, ngakhale zimachitika kamodzikamodzi, amisiri amayamba asakasaka pamene pali bala ndi zipangizo zawo, kenaka n'kukumba, pamene ya m'mwamba akadangoiona ndi maso.

N'chifukwa chake nthawi yabwino ya ntchitoyi ndi pamene mudzi ukungoyalidwa, misewu isanathiridwe phula, mipanda isanaime, ngalande za mipope yamadzi zikukumbidwa kumene. Kwathu kuno, kumene mvula ya mphepo ya m'dzinja imagwetsa mapolo ndipo chiswe sichileka kugwira ntchito yake, malo atsopano okhalamo akutsegulidwa m'mphepete mwa Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu. Inu amene mumadula mapoloti ndi kulemba mapulani a malo amenewa, werengerani mtengo wa ngalande imeneyi nyumba yoyamba isanamangidwe.