Kuyeza DNA ndi Chizindikiro cha Chitsulo

Makhololo a wodwala akatengedwa pachipatala cha Ntcheu, makina a GeneXpert amafunafuna DNA ya kachilombo ka TB mwa kuichulukitsa kambirimbiri, kufikira kuwala kwa mankhwala oikidwamo kutaoneka. Ndipo njira imeneyi, yotchedwa PCR, imene Kary Mullis anaitulukira mu 1983, yapulumutsa anthu ochuluka. Koma ilipo njira ina imene ine ndimaikonda koposa, ngakhale kuti ikadali ya m'malabotale a kafukufuku.

Popeza DNA ndi yaing'ono koti sikelo ya wamba singaimve, timaimangirira chizindikiro, monga mbusa wa ku Bwanje amangira belu pakhosi pa ng'ombe, kuti powerenga mabelu adziwe chiwerengero cha zoweta zake. Timapanga kachingwe kafupi ka DNA kamene kamangogwirana ndi mnzake woyenerana naye, ndipo kunsonga kwake timalumikiza chitsulo chosowa m'thupi la munthu, monga europium, terbium kapena golide. Kakagwira chimene tikufuna, timatsuka zotsala zonse. Apa ndipo pagona ntchito, pakuti chitsulo chosatsukidwa bwino chidzachitira umboni wonama, ndipo kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tikatero timapopera zogwiranazo m'lawi la mpweya wa argon, lotentha kupitirira madigiri 6,000, momwe DNA imapserera, chitsulo n'kutsala chili maatomu paokhapaokha. Makina a ICP-MS, amene Robert Houk ndi anzake anawalongosola mu 1980 ku Ames, Iowa, amasankhula maatomuwo potsata kulemera kwake, terbium pa 159, golide pa 197, nawawerenga. Tikayerekeza ndi muyeso wodziwika kale, kuchuluka kwa DNA kumadziwika. Ndipo popeza kulemera kwa zitsulo sikusokonezana monga ichitira mitundu ya kuwala, tikhoza kufunafuna tizilombo tingapo m'dontho limodzi, kalikonse ndi chitsulo chake.

Chimene chimandiwawa mtima n'chakuti zitsulo za banja la europium ndi terbium, cerium, lanthanum ndi neodymium, zili m'phiri la Kangankunde ku Balaka, pamene makina oziwerengera, amene amafuna argon wosalekeza ndi magetsi osazimazima, ali kutali ndi odwala athu. Ndikhumba kuti pokambirana za mgodi wa paphiri limenelo, akuluakulu akumbukirenso labotale ndi ana amene angaphunzire kuigwiritsa ntchito.