Kuchotsa zakudya zoopsa m'magolosale a ku Zomba

Kuchotsa zakudya pamsika ndi ndondomeko yomwe imatsatidwa chakudya chikapezeka kuti chingadwalitse anthu. Kampani yomwe inachipanga, kapena boma, imalengeza kuti chisiye kugulitsidwa ndipo chibwezedwe komwe chinachokera. Mumzinda wa Zomba, ntchitoyi imakhudza masitolo akuluakulu a m'tauni, magolosale komanso maokala a m'madera monga Chinamwali, Matawale ndi Chikanda, komwe kumakhala ophunzira ambiri a pa University of Malawi ku Chirunga.

Mabungwe oyang'anira

Bungwe la Malawi Bureau of Standards (MBS), lomwe linakhazikitsidwa mu 1972 ndipo likulu lake lili ku Blantyre, ndilo limaika milingo yomwe zakudya ziyenera kukwaniritsa. Mlingo wa MS 19 umanena za zoyenera kulembedwa pa paketi, pomwe MS 21 umanena za ukhondo wa malo okonzera zakudya. Bungwe la Competition and Fair Trading Commission (CFTC) limateteza ogula ku malonda achinyengo ndi katundu woopsa. Khonsolo ya mzinda wa Zomba imapereka ziphaso za malonda, ndipo ogwira ntchito zaumoyo amayendera malo ogulitsira zakudya.

Zifukwa zochotsera chakudya

Chakudya chimachotsedwa chikapezeka ndi tizilombo toyambitsa matenda, zidutswa za galasi kapena chitsulo, kapenanso poizoni wa aflatoxin, yemwe amachokera ku chuku cha mtedza ndi chimanga chosauma bwino. Zambiri mwa izi sizioneka ndi maso ndipo sizinunkha, kotero kungoona tsiku lothera ntchito pa paketi sikokwanira.

Nkhani ya poloni mu 2018

Pa 4 March 2018, nduna ya zaumoyo ku South Africa, Aaron Motsoaledi, inalengeza kuti mliri wa matenda a listeriosis unachokera ku poloni wopangidwa pa fakitale ya Enterprise Foods ku Polokwane. Anthu oposa 1,000 anadwala ndipo oposa 200 anamwalira m'dzikolo. Poti masitolo a m'Malawi amaoda zakudya zambiri ku South Africa, bungwe la CFTC linauza opikulitsa ndi ogulitsa kuti achotse nyama yokhudzidwayo m'masitolo mwawo.

Kachilombo ka Listeria kamaswana ngakhale mufiriji, ndipo munthu atha kuyamba kudwala patapita milungu ingapo atadya chakudyacho. Matendawa amaopsa kwambiri kwa amayi oyembekezera, makanda, okalamba ndi anthu omwe chitetezo cha m'thupi mwawo chinatsika.

Zomwe mwini golosale amachita

Chilengezo chikatuluka, mwini golosale amafananitsa dzina la katundu ndi nambala ya gulu lomwe anapangidwira limodzi, yomwe imadindidwa pafupi ndi tsiku lothera ntchito. Katundu wokhudzidwa amamuchotsa pa alumali, kumuika payekha ndi kulemba kuti sakugulitsidwa. Kenako amatsuka firiji ndi mipeni yodulira, amadziwitsa makasitomala ndi kuwabwezera ndalama. Katunduyo amabwezedwa kwa wopikulitsa kapena kuonongedwa akuluakulu a zaumoyo akuona. Saloledwa kumutsitsa mtengo kapena kumugawa, ndipo kumutaya kudzala n'koopsa chifukwa anthu ena atha kukatola. Malisiti a kooda amathandiza kudziwa komwe katunduyo anachokera.

Zovuta

Ndondomekoyi imapindula pokhapokha uthenga ukafika kwa wogulitsa womaliza. Eni maokala ambiri amaoda pang'onopang'ono popanda lisiti, ndipo amapungulira mafuta ophikira, ufa kapena chiponde m'timapepala ndi m'timabotolo topanda dzina. Zikatero nambala ija imatsalira pa chigubu kapena thumba lomwe latayidwa, ndipo wogula sangadziwe ngati chomwe anagula chili m'gulu loletsedwa. N'chifukwa chake mauthenga a pa wailesi m'Chichewa ndi maulendo a oyendera misika amakhala ofunika kuti chakudya choopsa chisatsalire m'madera.