Mayi Akachira, Nyonga Imayambira M'kati

Anthu ambiri a mumzinda uno akamva za ntchito yathu ya fiziyotherapi, maganizo awo amathamangira kwa agogo amene afa ziwalo mbali imodzi, kapena kwa mnyamata wa kabaza amene wathyoka mwendo pamsewu, ndipo ena amatiyesa osisita matupi chabe; koma ine amene ndakulira m'ntchitoyi ndinena kuti mwa onse ofunika thandizo lathu, palibe woiwalika koposa mayi amene wangochira kumene, amene potuluka m'chipatala ku Bwaila kapena ku Ethel Mutharika, abale onse maso amakhala pa khanda, osapezeka ndi mmodzi yemwe womufunsa za msana wake ndi chiuno chake. Sinditsutsa munthu, pakuti ntchito yathu njachilendo m'dziko muno: maphunziro ake a digiri anayamba ku College of Medicine ku Blantyre m'chaka cha 2010, ndipo kufikira lero tili owerengeka.

Masiku a makolo athu, mayi wotuluka m'chikuta ali wonenepa ankapatsa ulemu mwamuna wake ndi apongozi ake, popeza thupilo linali umboni wakuti phala ndi thobwa sizinasowe pakhomo. Lero ana athu a ku Area 25 ndi ku Kawale amaona pa Facebook ndi pa TikTok akazi a kutali amene mimba zawo zaphwa mwana asanayambe n'kumwetulira komwe, ndipo amabwera kwa ine ali ndi funso limodzi: "Adokotala, mimba yatsalayi iphwa liti?" Ambiri amakhala atagula kale lamba wothina wa m'chiuno ndi tiyi wochepetsa thupi, ndalama zimene zikanagula mazira ndi usipa wa mwezi wathunthu.

Tiyambe taona zimene zachitika m'katimo. Chiberekero, chimene pa tsiku lochira chimalemera pafupifupi kilogalamu imodzi, chimabwerera chokha m'malo mwake pa milungu 6, popanda lamba kapena mankhwala, ndipo kuyamwitsa kumachifulumizitsa. Minofu iwiri yotsika kuchokera pachifuwa kufika pachinena imakhala itatalikirana pakati, chifukwa inapatukira mwana pamene ankakula. Ndipo pansi penipeni pa chiuno pali minofu ina yosaoneka ndi maso, yoyalidwa ngati chitenje choberekera mwana, imene imanyamula chikhodzodzo, chiberekero ndi matumbo. Imeneyi ndiyo yasenza katundu miyezi yonse 9, ndiyonso yatanuka koposa pa tsiku la zowawa. Ikafooka, mayi amadontha mkodzo potsokomola, poyetsemula kapena poseka, ndipo ena m'kupita kwa zaka amamva chinthu cholemera chikutsikira kunjira yoberekera. Amayi ambiri amaivomereza nkhaniyi mwakachetechete, namati ndiwo mtanda wa uchembere, chonsecho ndi vuto lochizika.

Tsono apa ndi pamene ndimasiyana ndi aphunzitsi a m'majimu a ku City Centre. Mayi wa ku Chinsapo kapena ku Mgona sasowa thukuta ayi. Iye amadzuka kusanache kukaima pamzere pakiyosiki ya madzi, nasenza chigubu cha malita 20, chimene kulemera kwake ndi makilogalamu 20, mwana ali kumsana. Pobwera awerama kuchapa matewera, awerama pambaula, aweramanso pokolopa. Kunena kwa munthu wotere kuti agule zitsulo zonyamula n'kumunyoza. Chimene chimamuvulaza n'chakuti katunduyo amabwera msanga, minofu ya m'kati isanalimbe, ndipo kukankha konse kwa chigubucho kumathera pamalo ofooka aja. Chifukwa chake lamulo langa loyamba silipita kwa mayi, koma kwa abambo a m'nyumba, alamu ndi apongozi: pa milungu 6 yoyamba, makamaka ngati anachira kudzera opareshoni, mayi asanyamule chinthu cholemera kuposa mwana wake. Mutu umodzi susenza denga, ndipo bambo wotunga madzi sanatsikepo ulemu.

Masewera oyamba, olimbitsa minofu ya pansi ija, safuna chipangizo chilichonse. Dokotala wina wa ku America, Arnold Kegel, ndiye anawalongosola m'chaka cha 1948, ndipo mpaka lero amatchedwa ndi dzina lake. Gonani chagada pamphasa, mawondo atapindidwa, ndipo mukokere m'kati ndi m'mwamba monga muchitira pogwira mkodzo ndi mpweya woipa muli pakati pa anthu. Muwerenge mpaka 5 mukupuma bwinobwino, kenaka mumasule kotheratu, pakuti kumasulako n'kofunika chimodzimodzi ndi kukokako. Chitani kakhumi, katatu pa tsiku, osafinya matako kapena ntchafu, ndiponso osachita pamene mukutaya madzi. Mukazolowera mudzachita muli khale poyamwitsa, ngakhale m'minibasi ya ku Area 23, woyandikana nanu osadziwa kanthu. Ndipo muphunzire kukoka chomwecho musanatsokomole ndi musananyamule ndowa. Phindu limaoneka pakapita miyezi ngati itatu, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Za pamimba, dziyeseni nokha chotere: muli chigonere chagada, ikani zala pamwamba pang'ono pa mchombo, ndipo mudzutse mutu wokha. Mudzamva mizere iwiri yolimba ikupana zala zanu. Ngati mpatawo ulowa zala zoposa ziwiri mwana atakwanitsa miyezi iwiri, kapena ngati pakati patumphuka ngati mzere pamene mudzuka, lekani masewera aja odzuka ndi kugona amene anyamata a mpira amachita, popeza amakankhira kunja chimene tifuna chilowe m'kati. M'malo mwake, potulutsa mpweya kokerani mchombo kumsana pang'onopang'ono, ndipo podzuka pogona muziyamba mwatembenukira chammbali. Chitenje chimene agogo amamanga mayi pamimba sindichinyoza: chimatonthoza msana masiku oyamba, malinga chisathine. Koma nsalu kapena lamba sizilimbitsa mnofu, ndipo lamba wothina kwambiri amatsitsira mphamvu yonse kuminofu ya pansi ija.

Pambuyo pake, kuyenda. Bungwe la World Health Organization, m'malangizo ake a 2020, limati mayi woyembekezera ndi wochira kumene azichita zolimbitsa thupi zosapitirira muyeso kwa mphindi 150 pa mlungu, ndiko kuti theka la ola masiku asanu. Yambani ndi mphindi khumi, ndipo muwonjezere kufikira muyenda mwandawala, mukupuma mofulumira koma mukutha kulankhula ndi mnzanu. Kuthamanga, kulumpha chingwe, netibolo ndi maerobiki zidikire miyezi itatu, ndipo ngati mkodzo udontha polumpha, nthawi yake sinakwane. Zipangizo zoyenera ndalama zanu ndi ziwiri zokha, ndipo zonse zimapezeka m'kaunjika ku Tsoka: nsapato zafulati zogwira phazi, ndi bra yolimba yosafinya mawere. Yamwitsani musananyamuke. Mabotolo awiri odzaza mchenga akwanira kulimbitsa mikono.

Za tiyi uja ndinena mwachidule: wambiri amangotsegula m'mimba ndi kuchotsa madzi m'thupi, pamene mayi woyamwitsa mwakathithi miyezi 6 afunika madzi ndi chakudya choonjezera. Chepetsani shuga, zakumwa zotsekemera ndi zokazinga, koma musadzimane nsima, nyemba ndi masamba.

Pali zizindikiro zimene masewera sangachize. Magazi akachuluka m'malo mochepa, thupi likatentha, chilonda chikatulutsa fungo, kapena katumba wa mwendo umodzi akatupa ndi kuwawa, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Mkodzo ukamatuluka usana ndi usiku osaleka, makamaka mutavutika nthawi yaitali pochira, imeneyo ikhoza kukhala fistula, ndipo ku Bwaila kuli malo ochizira matendawa. Pa zina zonsezi, mukapita kukapimidwa pa milungu 6 ku Kawale, ku Area 18 kapena ku Area 25, musangopereka mwana kusikelo ndi kubwerera. Uzani anamwino za msana ndi za mkodzo popanda manyazi, ndipo muwapemphe akulembereni m'buku lanu lakuchipatala kuti mukaonane ndi a fiziyo ku Kamuzu Central.