Kampani Yopanda Cipata Tiikhulupirira Bwanji?

Ife a ku Kafue tinakula tikukhulupirira kampani imene tinali kuiona ndi maso. Fakitale ya feteleza ya Nitrogen Chemicals, imene inayamba nchito mu 1970, inali ndi cipata, utsi, ndiponso abale athu olowamo m'mamawa. Lero makampani atsopano akutifikira pa foni.

Taonani Apollo Agriculture, imene inabadwira ku Kenya mu 2016 ndipo inafikanso kuno ku Zambia. Imakongoza alimi ang'onoang'ono mbeu ndi feteleza. Poweruza ngati mlimi ayenera ngongole, imadalira kompyuta yophunzitsidwa, imene acha AI, yoyang'ana zithunzi za munda zojambulidwa ndi setilaiti. Nzeru zodabwitsa ndithu! Koma kodi mlimi angasaine cifukwa ca setilaiti? Eni kampaniyo anadziwa kuti iai. Motero anatuma anthu a m'madera momwemo, oyenda munda ndi munda, amene mlimi angawapeze zinthu zikavuta. Anaikapo inshuwalansi, nalola kuti ngongole ibwezedwe atakolola. Ngati lonjezo la inshuwalansi lili loona, mlimi amadziwa mvula ikakana, monga inacitira mu 2024.