Mkwasa wa tayala umasanduka bwanji chigwembe?

Ndili mwana, kumudzi kwathu ku Dowa kunali kanjira kotsika phiri kopita kudimba. Akabaza a njinga zamoto atayamba kudulira pomwepo, panaoneka timizere ta matayala basi. Zitadutsa mvula zingapo, pamalopo panali chigwembe choti mbuzi ikagweramo simuiona. Kodi tayala, lomwe silikumba ngati khasu, lingachite bwanji zimenezi?

Yankho lili m'kati mwa dothi. Nthaka yabwino si yolimba ngati njerwa ayi. Pafupifupi theka lake ndi timipata momwe mumakhala mpweya ndi madzi. Tayala likaponda, makamaka dothi likakhala lonyowa, timipatato timatsekeka. Mvula ikagwa, madzi amasowa polowera, ndiye amayamba kuthamanga pamwamba, ndipo mkwasa wa tayala uja umawasonkhanitsa ngati ngalande.

Apa kumbukirani za m'kalasi la Fizikisi: liwiro likawirikiza kawiri, mphamvu ya chinthu choyenda imawirikiza kanayi. N'chifukwa chake pamtsetse madzi amakokolola kwambiri kuposa pachidikha. Tayala likamaterereka pokwera, limazulanso udzu womwe mizu yake imagwira dothi. Kanjira kakakumbika, woyendetsa amapatukira pambali, n'kuyambitsa mkwasa wina. Mwaona mmene vuto limakulira?

Chinthu china chomwe akatswiri a nthaka anapeza n'chakuti kutsendereka kwakukulu kumachitika pa maulendo oyambirira. Ulendo wa 100 suwonjezera zambiri poyerekeza ndi woyamba kapena wachiwiri. Choncho njinga 50 zodutsa njira imodzi zimaononga malo ochepa kusiyana ndi njinga 50 zomwe iliyonse yatsegula kanjira kake.

Nzeru imeneyi ndi yomwe imapangitsa maiko ena kupatula malo. Ku America, komwe anthu ambiri amayendetsa njinga zamoto ndi magalimoto m'tchire pongosangalala, Pulezidenti Richard Nixon analamula mu 1972 kuti mabungwe oyang'anira malo a boma asankhe pomwe magalimoto otere angayende ndi pomwe sangayende. Ena amadandaula kuti malo opatulidwawo amaonongeka ndithu. N'zoona, koma kuonongekako kumakhala pamalo amodzi odziwika, oti angathe kuwakonza.

Kwathu kuno nkhani si ya masewera kwenikweni. Njinga yamoto imanyamula wodwala, matumba a feteleza ngakhale mwana wa sukulu, ndiye kungoti "musadutse" sikungathandize. Koma taganizirani nkhalango ya Ntchisi, yomwe inatetezedwa mu 1924, kapena ya Kongwe ku Dowa. Nthaka ya m'nkhalango zotere ili ngati siponji: imamwa mvula n'kumaitulutsa pang'onopang'ono m'akasupe, mpaka m'chilimwe. Ikatsendereka, madzi amatsika tsiku limodzi ndi matope, ndipo pofika Okutobala kasupe waphwa. Ovutika ndi amayi okatunga madzi ndi alimi a m'madimba a kumunsi.

Mudzi ungagwirizane njira imodzi yomwe ikukwera mokhotakhota m'malo molunjika pamtsetse, kukumba timingalande topatutsa madzi, kubzala vetiva m'mbali, ndi kupumitsa njira zoterera nthawi ya dzinja.

Musangondikhulupirira, yesani nokha. Tengani zitini ziwiri zofanana, muchotse kumwamba ndi kunsi komwe. Chimodzi muchikhomere pang'ono pakati pa kanjira ka njinga, china pansi pa mtengo pomwe pali masamba owolerana. Thirani kapu imodzi ya madzi m'chilichonse, n'kuwerengera nthawi yomwe madzi atenge kuti alowe pansi. Bwerezani katatu pamalo osiyanasiyana, mulembe zotsatira, mukawaonetse aphunzitsi anu a Agriculture. Ine nditayesa, pansi pa mtengo madzi anangoti mii nthawi yomweyo, pomwe pakanjira ndinatopa n'kudikira.