ALENDO NDI MAKASU KU DZIKO LA AMAASAI

Madzulo ano ndifuna kukamba nanu za dziko la Amaasai, anthu oweta ng'ombe okhala kumwera kwa Kenya ndi kumpoto kwa Tanzania, ndiponso za alendo amene acokera kutali, nadzilipirira okha ulendo wa pa ndege, kuti akagwire khasu m'dziko la eni. Kapena mudzati, kodi munthu wanzeru angataye ndalama zace kukakumba dothi kwa anthu osawadziwa? Tisanayankhe, tiyeni tione cimene cinaononga dzikolo.

Kale Mmaasai sanali kukhalitsa malo amodzi. Mvula ikagwa anali kutsika ndi ng'ombe zace ku zidikha. Cirimwe cikafika anali kubwerera ku madambo ndi ku mapiri. Motero udzu unali kupeza nthawi yakupumula. Pafupi ndi mudzi anali kupatula malo ochedwa olopololi, osungira msipu wa ana a ng'ombe ndi ziweto zodwala. Koma pa mapangano a 1904 ndi 1911, boma la Angelezi linacotsa Amaasai ku msipu wabwino wa Rift Valley ndi Laikipia ndi kuwaunjika kumwera. Mu 1968 boma la Kenya linaika lamulo logawa dziko lao m'zigawo za magulu zokhala ndi malire, ndipo pambuyo pace zigawo zambiri zinadulidwanso kukhala malo a munthu mmodzi mmodzi, ena ocinga ndi waya. Anthu ndi ziweto anacuruka, koma njira zakale zinatsekeka.

Tsono taonani cimene cicitika ng'ombe zikamadya malo amodzi caka conse. Zimatha udzu usanabale mbeu. Nthaka ikhala pambalambanda, ziboda ziipondaponda, dzuwa liiumitsa kufikira pamwamba pace pakhala gwa ngati phale. Mvula ikagwa, madzi salowa pansi iai. Angothamanga, nakokolola dothi, nasiya zigwembe. Pamwamba pa izi pabwera cilala. Ca mu 2009 cinapha ng'ombe zosawerengeka ndi mbidzi ndi nyumbu ku Amboseli, patsinde pa phiri la Kilimanjaro. Kumeneko mvula igwa kawiri pa caka, koma kuyambira 2020 kufikira 2022 inakanika nyengo 5 zotsatana m'madera ambiri a kum'mawa kwa Afirika.

Mankhwala ace si acilendo kwa munthu wodziwa khasu. Ku Kuku, pakati pa mapiri a Chyulu ndi Kilimanjaro, mu 2016 Amaasai anayamba kukumba maenje osaya ooneka ngati theka la mwezi, mothandizana ndi bungwe la Maasai Wilderness Conservation Trust ndi lina la ku Holland lochedwa Justdiggit. Nzeru imeneyi alimi a ku Niger ndi Burkina Faso aidziwa bwino. Dzenje liri lonse litambalala ngati mamita 5. Kukamwa kwace kupenya kumtunda, ndipo dothi lokumbidwa liunjikidwa kumunsi ngati mzere. Madzi othamanga aima m'menemo nalowa pansi pang'ono pang'ono. M'dzenjemo afesamo mbeu za udzu wa komweko. Koma cacikuru ndi ici: akulu a mudzi ayenera kubvomerezana kuti ng'ombe zisalowemo kufikira udzu utakhwima. Popanda pangano limenelo, nchito yonse ipita pacabe. Amai nawonso ali ndi minda yao ya udzu yocingidwa. Akolola mbeu nagulitsa, nasunga udzu wouma wa ziweto.

Nanga mlendo nchito yace nciani? Ambiri ndi a ku Ulaya ndi ku America, ndipo akhala sabata limodzi kapena awiri. Ena akumba ndi kufesa, ena azula zomera zoipa zimene zilanda malo a udzu. Ena awerenga nyama. Mu 2019 bungwe la Biosphere Expeditions linayamba kubweretsa alendo otere ku Enonkishu, kumpoto kwa Maasai Mara, kumene ng'ombe ndi nyama za kuchire zidyera m'dziko limodzi. Iwo anayenda ndi alonda a komweko, nalemba nyama zonse anaziona, naika makamera ojambula okha cinthu cikadutsa. Kuwerenga kotere kuli ndi phindu, cifukwa ndiko kusonyeza ngati dziko liri kucira kapena iai.

Akulu athu anati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa. Nzoona. Koma anatinso mlendo ndi mame, sacedwa kukamuka. Mnyamata wa Cimaasai akumba maenje ambiri pa tsiku koposa mlendo wa manja ofewa, ndipo ku Kuku okumba anali eni dziko, olandira malipiro pa nchito yao. Cifukwa cace pali mafunso atatu oyenera kufunsidwa pa ulendo uli wonse wotere. Kodi ndalama za mlendo zifika kumudzi, kapena zithera kwa okonza ulendo? Kodi mlendo sali kulanda nchito ya mwana wa mudziwo? Kodi anasankha malo okumba ndani, akulu a mudzi kapena munthu wa mu ofesi?

Funso lacitatuli ife sitiyenera kulipeputsa. M'zaka za m'ma 1950, ku Nyasaland, boma linakakamiza anthu kuunda migula m'minda mwao pa malamulo a malimidwe, ndipo okana analipitsidwa, ena anamangidwa. Migula inali yotchinjiriza nthaka ndithu, koma anthu anaida cifukwa inadza ndi cikoti ca lamulo, osati ndi upo wa pabwalo. Nchito imene mwini munda sanaibvomere imafa tsiku limene kapitao acoka.

Motero mlendo wabwino ku Umaasai ndiye amene afika ngati wophunzira, nalipira mokwanira, nagwira nchito pansi pa eni dziko. Iye adzabwerera kwao ndi zithunzi; Mmaasai adzatsala ndi ng'ombe zace, ndipo ndiye adzaweruza, mvula ikagwa, ngati udzu wabwerera. Inu amene muli ndi ng'ombe ndi zigwembe kumudzi kwanu, nkhani iyi muikambe pabwalo.