Nkhokwe yosatsegulidwa: phunziro lochokera ku GitLab

Mlimi wanzeru sangokhulupirira kuti m'nkhokwe muli chimanga. Amasuzumiramo kawirikawiri, kuopa kuti anankafumbwe angamudyere mwakachetechete. Nzeru yomweyi ikufunika m'makalabu a alimi ndi m'mabungwe amene amasunga kaundula wa mamembala ndi ngongole pa kompyuta.

Pa 31 Januwale 2017, katswiri wina wa GitLab, kampani yosungira ntchito za anthu olemba mapulogalamu, anafufuta mwangozi mafayilo a pa kompyuta yaikulu ya kampaniyo. Mwa magigabaiti pafupifupi 300, anatsala 4.5 okha. Atathamangira kumene ankasunga makope, anapeza kuli mbee.

Vuto linali m'kapulogalamu kokopera mafayilo tsiku ndi tsiku. Kankagwiritsa ntchito chida cha PostgreSQL 9.2 pamene mafayilowo anali a PostgreSQL 9.6, choncho kankalephera. Maimelo ochenjeza za kulepherako ankakanidwa panjira, ndipo panalibe amene ankadziwa.

Chimene chinapulumutsa kampaniyo ndi snapshot, chithunzi cha mmene diski ilili pa mphindi imodzi. Katswiri anali atachijambula ndi chida cha LVM maola 6 ngoziyo isanachitike, pofuna kuyeserapo zinthu zina. Kubwezeretsa kunatenga maola pafupifupi 18, ndipo ntchito ya maola 6 aja inapitiratu: mapulojekiti pafupifupi 5,000 ndi maakaunti atsopano pafupifupi 700 anakhudzidwa.

Komabe chithunzichi si nkhokwe yachiwiri. Nthawi zambiri chimakhala pa diski yomweyo, ndipo chimangosunga zidutswa zakale pamene mafayilo akusintha. Diski ikafa, chimafera limodzi. Pa LVM, malo amene chinapatsidwa akadzaza, chithunzicho chimakhala chopanda ntchito.

N'chifukwa chake kapulogalamu kabwino kamatsata ndondomeko: kujambula chithunzi, kuchitsegula, kukopera mafayilo ku diski ina, kenaka kuchitseka ndi kuchifufuta. Zikavuta, wokonza ayenera kulondola mapazi omwewa. Kodi chithunzi cha dzulo chinafufutidwa, kapena dzina lake likutsekereza chatsopano? Kodi chinatsegukadi, kapena kapulogalamuko kanakopera chikwatu chopanda kanthu n'kulengeza kuti zonse zayenda? Kodi kope la lero likufanana kukula ndi la sabata yatha? Nanga uthenga wa kulephera umafikira ndani?

Mafunsowa safuna kuti mlembi wa kalabu akhale katswiri. Angathe kupempha amene anakonza kompyutayo kuti, kamodzi pamwezi, atulutse kaundula kuchokera m'kope, komiti ikuona, n'kuwerenga mayina angapo ndi ngongole zawo. Kope lina lisungidwe kunja kwa ofesi, kuopa moto ndi akuba.

Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wamphepo. Kope limene silinayesedwe likadali pachala, ndipo tsiku la ngozi si tsiku loyesera.